Disiki ya m'Chitini cha Masingano

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Kuno mayi ali bwinoko, angodandaula maso akamalowetsa ulusi pasingano. Ine ndilipo. Za bambo ndinena m'munsimu, chifukwa ndi zimene zandigwiritsa cholembera. Mundikhululukire ndikalakwitsa, mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu. Ndikanaimba foni, koma pafoni mawu amandithawa.

Chiwagwereni sitiroko ija, dzanja lamanja la bambo siligwira, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi ngati madontho a pampopi wotseka. Shopu yawo yokonzera mawailesi sitsegulidwanso. Ndimapitako kukasesa basi. Tsiku lina ndinawakankhira komweko pa njinga yawo ya olumala kuti akapitidweko mphepo, ndipo titalowa analoza shelefu yapamwamba, kuseri kwa masimbi akufa aja. Analozabe mpaka ndinakwera pampando n'kutsitsa katoni imene inali pamenepo.

Mukatoni munali makina anu a gemu, zowongolera ziwiri, ndi chipangizo chotuwa chija chimakhala pamwamba pa makinawo ngati chipewa, chokhala ndi kakamwa kolowetsamo disiki m'mbali. Mukukumbukira kuti mumabwereka kaseti ya gemu kwa anzanu, n'kuikopera m'madisiki, mawa lake n'kubweza. Chimasunganso pamene munthu walekezera. Ine ndinali wamng'ono, ndimangokhala pansi kumbuyo kwanu, inu ndi bambo mukukanganirana njira.

Bambo anachiika pamiyendo, n'kutchula mawu amodzi, akuti mlatho. Ndinawamva. Gemu yaitali ija munailekezera pamlatho wokhala ndi chipata, n'kupangana kuti mudzawoloka limodzi. Kenaka munasiyana mawu pa nkhani ya shopu, inu n'kunyamuka. Zimenezo sindilowererapo, ndine mwana.

Titachilumikiza ku kanema wakale wa mushopu, kanyali kanayaka koma disiki simazungulira. Ndinamasula masikuluwu, lililonse ndikuliika m'kachivindikiro kakekake kuti ndisadzasokoneze. Bambo amandiuza ndi chala, ndikakhoza amagogoda patebulo, ndikaphonya amatsonya. Kutsonya kokha sitiroko sinawalande.

Lamba wa mota anali atasungunuka ngati phula. Ndinamupala ndi kamtengo ka machesi, n'kupukuta ndi thonje la sipiriti mpaka zala zinada. Lamba wina ndinamuchotsa muwailesi ya makaseti imene mwini wake sanadzaitengenso. Panalinso timigolo ting'onoting'ono totupa, tochucha, tonunkha ngati nsomba tikamva moto. Ndinatisintha ndi chowotcherera cha bambo, ndipo ndinapsa pachala. Ometa tsitsi a khomo loyandikana aja anasuzumira, n'kufunsa ngati tayamba ntchito youkitsa akufa. Anati bola ndikanaphunzira kumeta, chifukwa tsitsi limamera sabata iliyonse, pamene zidakwa za magemu a madisiki zonse zinamera imvi. Bambo anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chidwalireni.

Madisiki a gemu anali mukatoni momwemo. Ena anachita nkhungu, koma a gemu yanu ija anawerengeka. Kanyimbo kake katalira, bambo anatsinzina. Imene imasowa ndi disiki yosunga pamene munalekezera.

Nditafunsa mayi, anayankha monyadira kuti imeneyo sakanaisiya kufumbi la mushopu, chifukwa pakapepala kake pali zolemba za mwana wawo. Mutangochoka anaitenga n'kuisunga m'chitini chawo cha masingano, mmene amasungamo mphete yawo ndi dzino lanu loyamba lija. Anati m'nyumba monse mulibe malo otetezeka kuposa amenewo.

Achimwene, m'chitinimo ndi mmene mumakhala maginito aakulu aja, a sipika, amene mayi amatolera mapini akagwa pansi. Nditatsegula ndinapeza atamatirira pakachitsulo ka disiki. Zaka zonsezi. Ndinakumbukira mmene bambo amatithamangitsira tikayandikitsa maginito ku makaseti a anthu, poti amafufuta zojambulidwamo.

Ndinakaiyesa ndili ndekha. Chipangizo chinangokukuta ngati munthu wokukuta mano kutulo, kanema n'kulemba kuti disiki siikuwerengeka. Ndinapukuta kamutu kowerengera, ndinayesanso, chimodzimodzi. Mulibe kanthu. Mayi sindinawauze, ndipo chonde musadzawauze. Iwo amati akusunga.

Bambo ndinawauza kuti chipangizo chikufunikabe kukonza pang'ono. Masana aliwonse iwo akagona ndimapita kushopu kukaiyamba gemuyo pachiyambi. Sindidziwa kusewera, ndipo Chingerezi chake ndimachiwerenga ndi chala. Kamunthu ka mugemu kaja kamandifera m'maenje mpaka ndinayamba kukapepesa. Chala chachikulu chinatuluka thuza. Ndinafikabe pamlatho paja, chipata chili chotseka monga ndimachikumbukirira, n'kusunga pa disiki ina. Kenaka ndinamatula kapepala ka zolemba zanu pang'onopang'ono ndi nthunzi ya ketulo, n'kukamata pa yatsopanoyo. Sikanang'ambike ngakhale pangodya.

Loweruka lapitali ndinabweretsa zonse kunyumba, n'kuziika pabalaza. Bambo anaiona disikiyo, anaisisita ndi chala. Mlatho utaoneka anaweramira kutsogolo, chowongolera chili m'dzanja lamanzere, maso ali mbee. Mayi anasiya makina osokera n'kudzaima pakhomo, akunena kuti mwaona ubwino wosunga zinthu.

Kenaka maso a bambo anapita pangodya yapamwamba, pamene pamalembedwa dzina la kamunthuko.

Poyamba gemu amafunsa dzina, malo ake ndi a zilembo zisanu. Nthawi imene mumasewera ija ine ndinali ndisanadziwe kuwerenga, ndiye sindinadziwepo chimene munalembapo. Ndinaganiza masiku angapo, n'kulemba MWANA, poti limakwana. Ndimati mwina bambo sayang'anapo.

Anayang'anapo nthawi yaitali. Sanatsonye. Anangoika chowongolera pansi bwinobwino, n'kundiyang'ana ine, kenaka chala changa cha thuza, kenaka mayi. Atafunsidwa ndi mayi ngati atopa, anavomera ndi mutu. Anadziwa zonse, achimwene, ndipo anawabisira mayi monga ndinachitira ine.

Mawa lake mayi atapita kumsika, anandiuza ndi dzanja kuti ndiyatse, ndiyambe gemu yatsopano. Amafuna alembe okha dzinalo. Anayendetsa kamuvi pa zilembo, uku ndi uku, kubwerera, kuimaima. Zilembo zinawabalalikira. Pakamwa pamagwedera koma liwu silimatuluka. Pamapeto pake anagwetsa misozi, ine n'kuzimitsa. Sindikudziwa ngati aliiwala kapena likungokana kutuluka, ndipo ndikuopa kuwafunsa.

Chiyambire tsikulo sakudya bwino. Amalandira masipuni ochepa n'kutembenukira kukhoma. Adokotala atawaona anati thupi likufooka, ndipo anandifunsa panja ngati ana onse akudziwa. Ndinayankha kuti ndilemba kalata. Masana amafunabe kuti ndiyatse kanema, koma osati pamlatho. Amafuna pamalo ofunsa dzina paja. Amangokhala n'kumayang'ana timizere tisanu topanda kanthu, kanyimbo kakubwerezabwereza, chowongolera chachiwiri atachiika pampando umene mumakhalapo inu. Ndikachisuntha posesa amachibwezera.

Poyamba ndimafuna ndikupempheni kuti mungonditumizira dzinalo, ndiyambirenso ulendo wonse mpaka pamlatho. Njira ndaidziwa tsopano, maenje ambiri ndimawalumpha. Koma ndaganiza kuti ndawanamiza kamodzi, ndipo anandigwira. Sindingawapatsenso mlatho wachiwiri wabodza.

Choncho musandilembere dzinalo m'kalata, ndipo musandiuze pafoni. Bwerani mudzalilembe nokha, iwo akuona. Ndikudziwa kuti kuntchito sapereka tchuthi mwachisawawa, ndiponso kuti mawu amene munauzidwa tsiku lija anali owawa. Koma pakamwa pamene panatuluka mawu amenewo lero sipangathe ngakhale kupempha madzi. Sadzatha kukupepesani. Chimene angathe ndi kukusungirani mpando, ndipo akuchita kale.

Lamba ndinaikamo uja ndi wakale, nthawi zina amaterereka. Ndikumusamala, sindiyatsa nthawi yaitali, koma sindikudziwa kuti apirira mpaka liti. Musachedwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija mayi anaisoka ndipo ikudikira mwini wake. Ana muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Mayi akuti muzivala zofunda. Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira.

Maginito aja ndawachotsa m'chitini. Mayi ndawauza kuti ndawabwereka.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa m'nyumba