Sipanala ya Nambala Teni

Pemba, Mozambiki
14 Ogasiti

Okondedwa achemwali a Bertha,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino ku Chigumulako, inu ndi ana, komanso kuti mwendo wa amayi uja wasiyako kutupa. Ine moyo ulipo, koma ndikulemba ndi dzanja lotupa, ndiye mukhululuke zilembo zokhotakhotazi. Foni sindinayese n'komwe, nkhani yake si yokamba pafoni. Kalatayi ndapatsira a January, oyendetsa thiraki aja amatsitsa katundu ku Limbe.

Mukudziwa kuti alamu anga a Gervazio, achimwene ake a mkazi wanga Felicia, ndi amene anandikokera kuno n'kundiphunzitsa kukonza mahelikopita onyamula anthu kupita ku nsanja za gasi zili pakati pa nyanja. Makampani ochita zimenezi pabwalo la ndege pano ndi awiri. Amatilekanitsa ndi mpanda wa waya, koma kantini ndi imodzi. Timangowatchula ndi mtundu wa maovololo: abuluu ndi ofiira.

Tonse tinali kwa abuluu mpaka chaka chatha, pamene ofiira analanda ntchito yaikulu potchipitsa mtengo, ine n'kudumpha waya uja. Musaganize kuti ndinafika ku Kenani. Ofiira amalipira pa tsiku lake, inde, koma umagwira masabata asanu ndi limodzi osapuma, ndipo ukangoti watopa amakulozera geti. Kwa abuluu ndiye n'kumaliro: miyezi itatu osalandira, chakudya chamasana anadula, Lachisanu lililonse wina amatsazika. Anzanga akale anayamba kunditcha Yudasi, ena kulavula ndikamadutsa. A Gervazio okha ankandipatsabe moni, ngakhale unali wozizira.

Ntchito yathu ili ndi lamulo limodzi losaseketsa. Chida chilichonse chili ndi kamalo kake m'bokosi, ndipo chimodzi chikasowa helikopita siinyamuka, chifukwa kachitsulo koiwalika m'injini kangathe kugwetsera anthu khumi ndi awiri m'madzi. Lachiwiri lapitali sipanala yanga ya nambala teni inasowa. Helikopita imene ndinkakonza tinaisosola ngati nkhuku kuyambira m'mawa mpaka masana, dzuwa likuswa mtengo, okwera atakhalira zikwama zawo, abuluu atatsamira waya akuimba mluzu. Abwana anandiuza pamaso pa anthu kuti ikapanda kupezeka pofika madzulo, ndikalongedze.

Ndinalowa m'kantini mtima ukuwira. Ndisanakhazikike n'komwe, a Gervazio anabwera, kupisa m'thumba, n'kuika sipanala ija patebulo panga, zilembo za dzina langa zikuoneka bwinobwino. Kumbuyo kwawo wina anaseka.

Achemwali, mtima wanga mumaudziwa, ndi uja wa malemu bambo. Sindinafunse kanthu. Ndinatola sipanala ija n'kuwakhoma nayo pachibwano, ndipo ndinamva fupa likulira. Atagwa ndinawakhalira pachifuwa n'kupitiriza ndi chibakera mpaka mano awiri anagwera pasimenti. Basi kantini yonse inabuka. Mipando m'mwamba, mbale zikusweka, wina anapopera mnzake m'maso ndi chozimitsira moto, wina anamukhuthulira madzi owira a tiyi kumsana. Anthu amene tinkabwerekana sopo ankapondana m'mutu ndi majombo achitsulo. Alonda anafika ndi zibonga n'kumangokwapula aliyense, osayang'ana mtundu wa ovololo.

Madzulo ake helikopita inanyamuka, ndipo mabwana a mbali zonse ziwiri anthu anawaona akumwera limodzi ku hotela ya kugombe. Ife asanu ndi atatu a pandewu paja atiimitsa ntchito, tikudikira makalata.

A Gervazio ali m'chipatala, nsagwada anazimanga ndi waya, sakuyankhula. Lachinayi ndinapita manyazi atandigwira, nditanyamula phala losefa loti amwe ndi kapaipi. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi limene likutsegukalo, kenako anakodola kuti ndiwapatse cholembera. Analemba kuti kapitawo wawo ndiye anawatuma kuba sipanalayo, kuti akaiponye pansi pa injini ya helikopita yathu, oyendera ndege akaipeze, ofiira alandidwe ntchito. Akanakana, Lachisanu lotsazika linali lawo. Kuba anabadi, ana awo atatu ali pasukulu. Koma kuiponyamo manja anakana. Anayenda nayo m'thumba theka la tsiku, ndipo atamva kuti ndikuchotsedwa anaibweretsa anzawo onse akuona, akudziwa kuti ntchito yawo yathera pomwepo.

Ndiye kuti munthu ankandibwezera ntchito yanga potaya yake, ine n'kumuswa pakamwa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine sindinadekhe ngakhale kamphindi kofunsa. Ndinalira ngati mwana pambali pa bedi paja. M'munsi mwa pepalalo anawonjezera mawu awa: "Alamu, mwaibweza m'bokosi? Felicia musamuuze."

Choyambacho ndinachita. Chachiwiricho sindingathe, ndipo pempho langa lagona pamenepa. Wina anajambula ndewu ija pafoni, ndipo kanemayo wayamba kale kuyenda. Sindifuna Felicia aone mwamuna wake atakhalira achimwene ake pachifuwa ali yekha muofesi, kapena m'minibasi ya ku Mpingwe pakati pa anthu osawadziwa. Chonde tsiku lomwe mwalandira kalatayi mutenge amalume, ankhoswe athu, mupite kunyumba kwa Felicia. Mukamuwerengere yonse, osadumpha za mano zija, osandikometsera. Mukamuuze kuti sindichoka kuno mpaka achimwene ake atayamba kutafuna okha. Akanena kuti ndisadzapondenso pakhomo pake, mundilembere momwemo, mlanduwu ndi wanga.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma iwo muwauze pang'onopang'ono chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kuja. Moni kwa alamu a Dan, azakhali a ku Bangwe, ndi ana onse. Mwana wanga Tionge mumuuze kuti njinga ndinamulonjeza ija adikire kaye.

Ndilekeze pano, nthawi ya phala yakwana. A Gervazio sakulola anamwino kuwamwetsa, amadikira ine.

Ine mlongo wanu,
Friday