Chifuwa cha Atate, Sabata Yoteteza Kafukufuku

Lolemba, 2 Juni

Ndangofika kwathu ku Chamboli kuchokera ku ntchito ku Ndola, msana ukuwawa ndi mpando wa minibasi. Lachisanu ndikaima pamaso pa aphunzitsi ku yunivesite kukateteza kafukufuku wanga wa Masitazi ya sitatisitiki. Ndikapambana, ku ofesi ya inshuwalansi andichotsa pakauntala, ndizikakhala ndi owerengera za penshoni. A Dokotala Njobvu, ondiyang'anira, atumiza uthenga wakuti chaputala 4 sichinapse. Ngati sindikudziwa.

Atate akutsokomola kuchipinda kwawo. Chifuwa chija chabwerera ndi kuzizira.

Lachiwiri, 3 Juni

Malaiti apita. Laputopu yazima ndili pakati pa girafu.

Lachitatu, 4 Juni

Ndapempha masiku ku ntchito. Kuyambira m'mawa ndili pakhonde. Kulemba mzere umodzi, kufufuta, kunyamuka kukatsuka kapu yotsuka kale, kubwereranso.

Atate anakoka kampando kawo n'kuyang'ana pasikirini nthawi yaitali. Anafunsa kuti masitepe otsika a pagirafuwa ndi chiyani. Ndinawauza kuti ndi amuna amene anagwira ntchito pansi mumgodi, fumbi n'kuwalowa m'mapapo. Sitepe ikatsika ndiye kuti ena amwalira. Mzere wapamwamba ndi wa omwe amapitabe kukapimidwa chaka ndi chaka, wapansi ndi wa omwe anasiya.

"Nanga ine ndili pati?"

Ndinati sitatisitiki sinena za munthu mmodzi. N'zoona, n'zimene timayankha pamayeso. Iwo anangoti chabwino, n'kupita kukathirira repu wawo.

Anasiya kupimidwa chaka chimene amayi anamwalira. Amati kumeneko amangokuuza tsiku lako. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga amuna a anthu ena, wa mumgodi weniweni, atate anga, ali m'nyumba momwe muno.

Lachinayi, 5 Juni

Mlongo wanga Clive waimba kuchokera ku Chifubu. Akuti ndisawaopseze achikulire, ndimalize kaye sukulu, za chipatala tidzakamba mwezi wamawa. Mwezi wamawa womwewo tinaunena pa Khirisimasi.

Masana ndinawaona atate atanyamula ndowa yosadzaza, ataima pakati pa bwalo, dzanja pampanda, kufuna mpweya. Lamba wawo aboola chiboo china ndi msomali.

Sindinathe kudikira. Ndinawatsatira kudimba.

"Atate, muli pa mzere wapansi."

Ndinawafotokozera kuti ambiri a pamzerewo si fumbi lokha limawatenga msanga, koma TB yolowa pamwamba pa fumbilo, ndipo TB imachizika akaipeza nthawi ikadalipo. Anandiyang'ana mmene sanandiyang'anepo.

"Misozi, ndinakutumiza ku sukulu kuti uziwerenga masiku anga?"

Chakudya sanachikhudze. Wailesi sanatsegule. Ine chaputala 4 ndangochiyang'ana. Mwina Clive amanena zoona. Mwina ndawapweteka pachabe, ndipo mawa ndikalephera ndi mayeso omwe.

Lachisanu, 6 Juni

Ndinachoka chitseko cha atate chili chotseka. Ndinapereka moni ndili panja, n'kunyamuka.

Ku yunivesite mafunso oyamba anayenda bwino. Kenako pulofesa wina wa imvi anafunsa kuti n'chifukwa chiyani amunawa amasiya kupimidwa. Ndinati manambala anga sanena zimenezo. Anati akudziwa, koma ine ndikuganiza bwanji? Ndinati amaopa kuuzidwa. Ndinamwa madzi. A Dokotala Njobvu anawerama n'kulemba kenakake.

Ndapambana. Pali zokonza, koma ndapambana. Sindinamve chilichonse, ndinangothamangira minibasi.

Kunyumba loko pachitseko. A Hellen, oyandikana nafe, akuti anawaona atate akutuluka atavala jekete la kutchalitchi, osanena kopita. Foni yawo yazima. Ndafika kumsika, kutchalitchi, kwa anzawo osewera nawo nsolo. Palibe. Clive akuti akubwera, ndipo sanalephere kundikumbutsa kuti anandichenjeza.

Ndakhala pakhonde, ndanyamuka, ndakhalanso.

Dzuwa likupendeka ndinamva kutsokomola kugeti. Analowa pang'onopang'ono, thonje litamatidwa pamkono pomwe anawatenga magazi. M'thumba la jekete anatulutsa kabotolo kolavuliramo makhololo n'kukaika pawindo. Sanandiyang'ane.

"Kuchipatala akuti ndibwerenso Lolemba ndi munthu wondiperekeza. Ndatchula iwe."

Akuvula nsapato tsopano. Za mayeso sanafunsebe.