Kaputeni Wathu Ali ndi Mizere Iwiri

Lolemba, 15 Meyi

Makadi a Pepa Sande afika lero. Ndawawerenga, alipo 118, pamene tinalipira 120. Ndiwauza a Zebedee, wapampando wa komiti ya denga la tchalitchi. Koma dzina alilemba bwino: Mlendo Wolemekezeka, Kaputeni Meckson Kalua Phiri, Woyendetsa Ndege. Ndayika khadi limodzi m'Baibulo la malemu bambo ake.

Ndine ndinavomera m'malo mwake. Komiti itandifunsa mwezi watha ndinangoti, mwana wanga sangakane ntchito ya Mulungu. Nditamuuza pa foni anangoti, "Chabwino, amayi." Meki sanayambe wandiyankhapo mosiyana ndi apo.

Mkazi wake Temwa atsogola mawa ndi mwana, Angella. Meki abwera Lachisanu. Ndayanika mabulangete, koma ndi mawawa a Mzuzu ano sindikudziwa ngati auma.

Lachiwiri, 16 Meyi

Ndinapita kukamuchingamira Temwa ku depoti. Ndimayembekeza chikwama chimodzi ndi mwana kumbuyo.

Kondakitala watsitsa zikwama zitatu. Kenako matiresi opindidwa. Kenako ndowa, m'katimo muli mapoto anayi. Beseni la mwana. Mbaula.

Munthu wodzacheza masiku ochepa satenga mbaula.

Sindinafunse pa anthu. Tinatenga galimoto mpaka kuno ku Salisbury Lines. Titalowa m'nyumba anagwada, nati, "Amama, nyumba ija ya ku Area 25 tinabweza makiyi. Ine ndi Angella tikhala kuno, ngati mutilola." Ndinafunsa ngati akangana. Ayi. Ngati Meki wapeza mkazi wina mwa atsikana operekera tiyi m'ndege aja. Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Angamudyetse chiyani?"

Ndapsereza ndiwo. Sindinapserezepo ndiwo chiyambire kupuma ntchito ya uphunzitsi.

Lachitatu, 17 Meyi



Timachapa matewera kuseri, ndipo ndinamuuza kuti amake Angella, ine ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, ndiuzeni zinthu mmene zilili, ndimva. Anandiuza.

Meki si kaputeni. Ndi wachiwiri, wokhala kumanja kwa kaputeni. Ndinapita kukayang'ana chithunzi chija chili pakhoma pa balaza, chimene ndimapukuta tsiku lililonse. Mizere ya paphewa ndi iwiri. Kaputeni amakhala ndi inayi. Ine, Eness, wodziwa chiwerengero cha masipuni anga, sindinawerengepo mizere ya paphewa pa mwana wanga.

Malipiro okhazikika ndi ochepa. Zambiri zimabwera malinga ndi maola amene wauluka, ndipo atsopano amapatsidwa zotsala za akuluakulu. Pa zochepazo kampani imadulako ya maphunziro amene anamutumiza kuti adziwe mtundu wa ndege yawoyo. Akachoka kapena akachotsedwa zaka zimene anasayinira zisanathe, abweza yonse pakamodzi. Temwa wati zofika m'manja mwezi wa Epulo zinali zochepa kuposa zimene amalandira mng'ono wake Mary, wogulitsa mankhwala mu famase.

Ndiye Meki akugona kuti? Ku Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege. Chipinda chimodzi anyamata anayi, onse oyendetsa ndege atsopano. Mabedi awiri. Amati si kawirikawiri kuti onse apezeke usiku umodzi.

Ndinati nanga bwanji osanena. Temwa anapitiriza kufinya thewera osandiyang'ana. "Amama, akanauza ndani? Asibweni a ku Dedza akufuna feteleza, amati funsani Kaputeni. Maliro akagwa, bokosi Kaputeni. Nambala yake anthu amaitenga kuno."

Amaitengadi kuno. Ndimawalembera ndekha pa kapepala, ndi cholembera chofiira.

Angella akaona atate ake amalira, akuti sawazindikira. Wayamba kuyenda Meki ali ku Lusaka, anaonera pa foni.

Lachinayi, 18 Meyi

A Zebedee anabwera ndi makadi awiri otsala aja. Ali gwede gwede kuseka. "Monire amama! Mwanangwa, Kaputeni wathu, wafika?" Akuti Kaputeni abwere atavala yunifolomu, ana a Sande sukulu aone. Akuti komiti yawerengera kuti envulopu ya mlendo igula theka la malata. "Kwa iwo ndi ndalama ya sopo iyo. Kapena atere ndi ndege pa bwalo la mpira, tizilipiritsa oonera!"

Ndinaseka nawo. Ndinawathirira tiyi.

Lachisanu, 19 Meyi

Meki wafika madzulo pa basi. Woyendetsa ndege, mapazi atatupa chifukwa chokhala pa kampando ka pakati kuchokera ku Lilongwe.

Waonda. Lamba wabowola bowo latsopano ndi msomali, ndaona. Yunifolomu ili mu jumbo, yosita bwino. Angella anabisa nkhope m'chitenje cha amake, ndipo Meki anangomugwira chala chakuphazi n'kumusiya.

Wandipatsa envulopu yonenepa kuti ndisunge mpaka Lamulungu. Ndinafunsa kumene yachokera. Anati, "Musadandaule, amayi." Temwa ali kukhitchini anayankha mokweza, "Filiji." Ndiye kuti filiji ija ndinawagulira pa ukwati yapita kuti ine ndiomberedwe m'manja.

Ndinangomuwonjezera nyama m'mbale. Anadya ngati mwana wa sukulu yogonera.

Foni saisiya. Wapita nayo ngakhale kubafa.

Loweruka, 20 Meyi

Ndimaganiza kuti ndamva zonse. Ayi.

M'mawa ndikusesa pakhonde ndinamva akukangana kuchipinda, motsitsa mawu. Temwa: "Uwauze wekha, apo ayi ndiwauza ine." Meki: "Sadzaimba, iwe. Lamulungu saimba kawirikawiri." Ndinagogoda ndi tsache lomwe.

Mawa Meki ali pa sitandibai. Anandifotokozera atayang'ana pansi. Ndi tsiku limene suuluka, koma sulinso pa tchuthi. Umakhala wokonzeka kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndipo wina akadwala amakuimbira, uyenera kufika pa bwalo la ndege ola limodzi ndi theka lisanathe. Kuchokera ku Mzuzu! Ngakhale basi itapanda kuima pa Jenda sungafike.

Ndinafunsa chimene chimachitika ukapanda kufika. Akadali m'miyezi yoyesedwa. Mnzake wina anachotsedwa chifukwa cha zomwezi, anali ku ukwati ku Salima. Ntchito yatha, ngongole ya maphunziro ija n'kutsala pamutu.

Meki anayesa kusinthana ndi anzake. Posankha masiku amayamba ndi akale pantchito, iye ali kumapeto kwenikweni. Palibe anafuna Lamulungu.

"Ndiye unabweriranji?"

"Munali mutavomera kale, amayi. Makadi anatuluka."

Ndinakhala pa bedi pawo, chinthu chimene sindichita. Ndinamufunsa kuti chilowere ntchito wakhala pa sitandibai kangati. Anati mwina khumi. Anakuimbira kangati? Anayamba zoti zimatengera nyengo. Ndinati Meckson, nambala. Anati kanayi.

Kanayi pa khumi. Mwana wa Fomu 1 angakuuze kuti sungaike nyumba yako pa mwayi wotere.

Ndinamuuza alongedze. Anagwada, mwamuna wamkulu wandevu, nagwira maondo anga. "Amayi, adzakusekani tchalitchi chonse. Mwakhala kuno zaka zonsezi mulibe mbiri yoipa. Ndingofika, ndilankhule, ndipereke, ndikwere basi masana." Ndinati ndipo akaimba uli pa guwa, udzawauza kuti dikirani kwaya imalize? Temwa anaphulika kuseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira.

Ananenanso kuti ndalama ya basi yawonongeka pachabe. Ndinati yawonongeka kale, usawonjezerepo ntchito.

Tinamuperekeza ku depoti tonse. Panjira tinakumana ndi mayi wina wa chigwirizano, anakuwa patali, "Akaputeni! Mawa tikuonani chomene!" Meki anakweza dzanja. Ine ndinayang'ana kutsogolo.

Basi inachedwa kudzaza. Anakhala pawindo, Temwa anamukwezera Angella. Mwanayo sanalire ulendo uno, anangomuyang'anitsitsa, n'kumukoka kolala. Jumbo ya yunifolomu anaiika pamiyendo kuti isakwinyike.

Envulopu ndamubwezera Temwa. Anakana kawiri. Ndinati si mphatso, ndi filiji yanu.

Ndinayenera kupita kwa a Zebedee madzulo ano. Ndinafika mpaka pa geti lawo, ndinamva kwaya ikuyeserera nyimbo yolandirira mlendo, ndinabwerera. Mantha. Ndikulemba kuti ndisadzaname kuti kunagwa mvula.

Lamulungu, 21 Meyi

Ndinafika anthu asanachuluke. A Zebedee anali akumangirira maliboni pa mpando wa mlendo. Nditawauza, anayamba aseka, akuyesa nthabwala. Kenako anavula magalasi. "Amama, mwatikoma. Mwatipha. Tauza anthu a ku Chibavi, a ku Katoto, abwera chifukwa cha iyeyo." Anafunsa ngati envulopu yokha yatsala. Ndinati envulopu ilipo yanga, ya penshoni. Anaiyeza m'manja osaitsegula, ndipo nkhope yawo inandiuza zonse.

Anati tinene kuti Kaputeni waitanidwa mwadzidzidzi kukaulutsa akuluakulu a boma. Ndinakana. Anati ndiye mulankhule nokha.

Ndinakhala pa mpando wa maliboni uja ndi duku langa. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Ana a Sande sukulu anali atapanga ndege za mapepala, aliyense yake m'manja, akuyang'ana kukhomo. Zimenezo ndi zimene zinandipweteka kuposa zonse.

Nthawi itakwana ndinaimirira. Ndinati mwana wanga ali pa ntchito yodikira kuitanidwa, ndipo ndine ndamubweza. Ndinati si kaputeni, ndi wachiwiri, wangoyamba kumene, ndipo malipiro ake panopa sakukwanira ngakhale nyumba ya lendi, n'chifukwa chake mkazi wake ndi mwana mukuwaona apowo ali kwa ine. Mawu anga anamveka aang'ono m'chimkuzamawu.

Kumbuyo wina anati, "Ah, ndiye wa ndege wosauka aliponso?" Ena anaseka. Mayi wa chigwirizano uja anayang'ana nsapato zake. Envulopu yanga anailengeza mokweza monga mwa mwambo, ndipo m'manja munaombedwa mwaulemu basi. Temwa anadzuka ndi mwana kumbuyo, anavina yekha kubwera kutsogolo, naponya kandalama kake m'beseni, nati, "Yewo amama." Atatero m'pamene ena anayamba kudzuka. Malata apezeka osafika theka la theka. A Zebedee sananditsanzike.

Cha m'ma 4 koloko foni yanga inalira. Meki. Wakhala pa bedi tsiku lonse atavala yunifolomu, nsapato kuphazi.

"Sanaimbe, amayi. Tsiku lonse sanaimbe. Ndikanakhala konko. Mwachita manyazi pachabe, pepani, pepani ndithu."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Ndinamufunsa kuti sitandibai ikutha nthawi yanji.

"6 koloko."

"Ndiye ukutsekeranji laini ndi ine?"

Ndinadula.