Ndolo ya Manesi Pansi pa Mwala

Lolemba, 3 Juni 2024

Chisanu. Mawondo onse awiri kuwawa.

Maliro a mwana wa a Lines, uthenga sunandifike. Ndinangomva kulira ndikutong'ola chimanga pakhonde. Ndinavala jekete, ndinafika mpaka pamjigo, adzukulu anandibweza. Mmodzi, maso pansi, anati, "A Isake, lero ingopumulani." Ndakumba manda m'mudzi muno kuyambira tsitsi lili lakuda. Lero akuti ndipumule.

Ndilembe mmene zinayambira, poti mutu wayamba kusokoneza. Mwezi wathawu anthu okumba mbewa anafika m'munda mwanga, kumtunda kuli mwala waukulu kuja. Anagubuduza timiyala, anapeza kabokosi kapulasitiki kotsekedwa bwinobwino. M'katimo kachidole kopanda mkono, batani, mikanda, kakope konyowa kolembedwa Chizungu, ndi ndolo imodzi ya Manesi. Mkazi wanga, amene tinamuika m'manda mu Febuluwale. Ya kamwala kobiriwira ija, yovala kutchalitchi. Aliyense anaizindikira. Mlongo wake Mose anaikweza m'mwamba kuti onse aone. Mawu oti mfiti sanawatchule. Panalibe chifukwa chowatchulira. Zonse anakaotchera pamphambano.

Ine kabokosiko sindinakaonepo chibadwire.

Lachitatu, 5 Juni

Mose anabwera. Mpando anaukana, analankhula chiimirire. "Alamu, mudzi uno munadzera mkazi. Mkaziyo wapita." Akuti chimanga chikalowa m'nkhokwe ndiganize za kwathu.

Kwathu kuti? Ku Malomo kunatsala chitsa cha mango ndi manda a mayi anga. Mkamwini amakalamba ali mlendo, ndaziona tsopano.

Mose ameneyu ndinamupeza akuyenda ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Kusoka fodya ndinamuphunzitsa ndine. Chigafa chake mitengo ndinadula ndine. Munda wakumtunda wakhala akuuyang'ana chammbali kuyambira mlongo wake akudwala. Ndikudziwa, ndoloyo anaba ndi iyeyo, kabokosiko anakwirira ndi iyeyo. Manesi anandiuza chaka chadzana kuti inagwera kudimba. Kudimbako Mose amadutsa tsiku ndi tsiku.

Ndolo inzake ndili nayo. M'kabokosi ka machesi, m'thumba lam'kati la jekete. Atadziwa zimenezi akhoza kuotcha nyumba.

Madzulo potseka chitseko, kiyi wa Manesi m'manja, ndi kabasi kofiira kachitsulo kaja kamene anamangirira pachingwe chake. Anati anatola kumsewu. Ndinkamuseka kuti gogo wamkulu akusewera ndi tizidole. Ndaima pakhomo nthawi yaitali.

Lamulungu, 9 Juni

Kutchalitchi benchi yonse yanga ndekha. Malo ambiri.

Roza wafika kuchokera ku Madisi, makina ake osokera wawasiya ndi mnzake. Mwana wanga mmodzi yekhayo, ndipo mwezi wonse zii. Ndinamuuza zimenezo. Anangoyamba kusesa.

Kenako nkhani yake. Akuti pali munthu wina, Sadick, wa sitolo ku Malomo, amene amamubweretsera nsalu. Anamufotokozera za kabokosi, iye anayamba kuseka, atamva za ndolo ndi moto analeka kuseka. Akuti ndi masewera. Alendo ochokera kunja ndi ena a m'tauni amabisa timabokosi m'mapiri, n'kulemba malo ake pafoni kuti anzawo akafune. Dzina lake Lachizungu ndalephera kuligwira. Sadick amawanyamula panjinga yamoto, ndiye anaphunzira. Pafoni yake akuti pali kadontho pamwala wanga penipeni.

Ndinafunsa, munthu wamkulu wa ndevu zake achoke ku Ulaya kudzabisa batani m'munda mwa Isake? Roza anati, "Bambo, mukaone nokha."

Wapita kukaonetsa amalume ake kadonthoko pafoni yake. Wabwerako maso ofiira. Akuti Mose wati foni imaonetsa chilichonse chimene mwini wake wafuna.

Apa pokha ine ndi Mose tagwirizana.

Lachinayi, 13 Juni

Nkhungu mpaka masana. Nkhuku imodzi yasowa.

Roza watumiza uthenga kudzera pafoni ya aphunzitsi. Loweruka ndikwere ndipite ku Malomo. Kuphiri la kufupi ndi kumeneko kuli kabokosi kena, koma akuti kameneko kamapezeka usiku wokha, ndi tochi. Usiku. Munthu amene akumunena zouluka usiku achoke pakhomo kukayenda m'phiri usiku.

Koma ndikakapeza ndibwera nako. Ndidzakaika pamaso pa Mose, anthu onse alipo, ndidzafunsa ngati akonso ndinakwirira ndine ku Ntchisi.

Ndipo masewera kapena ayi, ndoloyo inalowamo bwanji? Azungu sanalowe m'nyumba mwanga.

Lamulungu, 16 Juni, ku Malomo

Ndikulemba kuseli kwa sitolo ya Sadick. Mbuzi yawo ya chikondwerero cha Idi yamangidwa pafupi, ikundiyang'ana. Mkazi wake, mayi Ashura, andipatsa tiyi wamkaka ndi bulangete. Mwezi wathunthu munthu asanandipatse kapu m'manja.

Tinanyamuka atatseka sitolo. Atatu panjinga imodzi, ine pakati ngati thumba la feteleza, Roza kumbuyo. Sadick ndi munthu wamimba, woseka, wa zaka ngati za Roza. Njinga tinasiya panyumba yomaliza. Anayamba wapereka moni n'kufotokoza kumene tikupita. Akuti amatero nthawi zonse, kuti anthu akaona matochi m'phiri asaganize zina. Ndinati kumudzi kwa Manesi kukanakhala wotero.

Kukwera. Mame mpaka m'mawondo, miyala yoterera, mpweya kundithera. Foni m'manja mwa Sadick, kamuvi kakuloza. Tinafika pamtengo wa msuku, anazimitsa foni, anandipatsa tochi. Ndinaunika uku ndi uku, mitengo yokhayokha. Anati, "Madala, tochiyo musagwire ngati mukufuna njoka. Ikwezeni pafupi ndi diso."

Ndinakweza. Kutsogolo kanthu kanawala, kakang'ono, ngati diso la changa. Ndinayamba Atate Wathu chamumtima. Roza anandigwira mkono, tinayandikira. Kamsomali chabe, kamutu konyezimira, kokhomedwa pamtengo. Kuchokera pamenepo kena kanawala patsogolo. Kenako kena. Njira yonse yokhomedwa m'mitengo, yoti masana sungaione.

Sindibisa, pa kachinayi kapena kachisanu ndinayamba kufulumira. Ndinkafuna ndikaone ndine Roza asanakaone. Nkhalamba yopanda mano. Ndinagwa kamodzi, chigongono chasupuka.

Pomaliza tiwiri pamtengo umodzi. Sadick anati ndi pano, funani. Iye akudziwa pamene kali, anakhala pamwala n'kumadya mtedza. Ndinafuna m'mphako, m'mizu, pansi pa masamba. Palibe. Ndinapsa mtima, ndinati mwandibweretsa kuno kudzandiseka. Anangosuntha tochi yake ngati mwangozi, kuwala kunagwera pa timiyala tosanjikana m'munsi mwa thanthwe.

Kabokosi. Chimodzimodzi kaja anaotcha, chivindikiro cha timakutu tinayi. Anatsegula ndi Roza. Kasupuni, wezulo, labala womangira tsitsi, kachule kapulasitiki, kakope ndi pensulo. Zinthu zopanda ntchito. Chifukwa cha zinthu ngati izi adzukulu anandibweza pamjigo.

Ndinakaika m'khwapa kuti tizipita. Sadick anaimirira. Akuti kabokosi sikachoka, kamabwerera pamalo pake, wina akubwera m'mbuyo. Ndinati dzina langa lili m'kabokosi aka. Anati akumva, koma ndikalowa nako m'mudzi mamawa, nditagona kunja, anthu adzaona chiyani? Roza anajambula ndi foni.

Kenako anafotokoza lamulo lake. "Mukhoza kutengamo kanthu kamodzi, madala. Koma mukatenga, musiyemo kanu." Akuti tinthuti timayenda. Wina atenga kuno, akasiya m'kabokosi ka ku Zomba, wina atenga kumeneko, mpaka kuwoloka nyanja zazikulu.

Mukatenga, musiyemo kanu.

Kiyi anali m'thumba la buluku, akundibaya pantchafu njira yonse. Ndinamutulutsa. Sadick anaunika kabasi kofiira kaja, anakatembenuza. Akuti mabasi osanjikana otere ndi a ku Mangalande, ndipo tinthu totere alendo amakonda kusiya m'timabokosi. Anafunsa kumene ndinakapeza.

Roza anakhala pansi, pamame pomwepo.

Sinditha kupitiriza. Tiyi wazizira.

Lolemba, 17 Juni

Ndabwerera. Pakhomo palibe chasokonezeka, koma mapazi ambiri pafumbi pafupi ndi zenera.

Chaka chadzana, nthawi yogulitsa fodya, ndinagona ku Kanengo masiku angapo. Nditabwera Manesi anati kunadutsa alendo, anapempha madzi, anawaperekeza kumwala. Ine mutu unali pa mitengo yoipa ya fodya. Nkhaniyo inathera pomwepo. Sabata yomweyo ndolo inagwera kudimba. Sabata yomweyo kabasi kanatoledwa kumsewu.

Ndikumuona. Chitenje chomanga m'chiuno, alendo akumuonetsa kabokosi, akumuuza ndi manja kuti tenga, siya. Alibe kanthu m'manja. Agwira khutu.

Ndolo zimenezo ndinagula ndine, ku Madisi, Roza asanabadwe. N'chifukwa chake anati kudimba.

Ankakonda kunena, akamva ndege ikudutsa, "Ine ndidzafa osapitirira Lilongwe." Ndipo sanapitirire. Ndiye anatumiza ndolo. Inakhala pansi pa mwala zaka ziwiri kudikira woinyamula, mapeto ake anainyamula ndi Mose, kupita nayo pamoto.

Mose sanabe. Ndalemba, ndayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Mwezi wonse chimene chimandidzutsa m'mawa chinali chimenecho, kuti Mose anaba. Tsopano ndidzuke ndi chiyani?

Munda akuufunabe. Zimenezo sizinasinthe.

Lachitatu, 19 Juni

Roza wabweranso, tapita limodzi kwa Mose. Analipo ndi akazi ake ndi ena a pabanja. Roza anaonetsa chithunzi. Ine ndinafotokoza zonse, timisomali, lamulo, alendo, kabasi. Ndinalankhula bwino, sindinakweze mawu. Kabasi kanayenda m'manja mwa anthu awiri, wachitatu anakana kukagwira.

Mose anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ine ndili pamenepo, tochi m'manja, maso oyera ngati a nyama, kabokosi pachifuwa, mdima kumbuyo. Anati, "Ndiye kuti ndi tambiri. Mpaka ku Ntchisi, alamu?"

Roza anayamba kulira ndi ukali, anati aitane Sadick adzanene yekha. Mlamu wanga wamkazi anati munthu wa sitolo amanena zimene wogula akufuna. Wina anafunsa chifukwa chake Manesi sanauze aliyense, ngati zinali zamasewera. Funso labwino. Woyankha ali kumanda kumene sandilola kufika.

Pobwerera a Lines anali pamjigo. Mwana wawo uja ndinkamusemera timagalimoto. Anasenza ndowa isanadzaze.

Lachisanu, 28 Juni

Chimanga ndagawa. Cha Roza chapita kale pangolo mpaka kumsewu. Nkhuku ndapereka kwa aphunzitsi. Khasu, mpando, wailesi, mabulangete awiri. Katundu wa moyo wonse sanadzaze ngolo.

Ku Madisi Roza ali ndi kachipinda kosungiramo nsalu. Akuti zenera lake limayang'ana kumsewu, ndizidzaona magalimoto.

Ndinakwera kumwala komaliza. Phulusa la okumba mbewa, dzenje laling'ono pamene panali kabokosi. Kuchokera pamenepo mapiri onse amaoneka, mpaka a ku Ntchisi. Zaka zonsezi ndimalima pansi pake, sindinakhalepo pamwamba kungoyang'ana. Manesi anakhalapo.

Mose anabwera kudzatenga kiyi. Ndinamasula chingwe pamaso pake. Kiyi ndinamupatsa, kabasi ndinaika m'thumba. Anakayang'ana. Mlongo wake anali wake iyenso. Zimenezo ndimaiwala.

Loweruka, 13 Julayi, ku Madisi

Fumbi. Phokoso la makina a Roza kuyambira m'mawa. Chifuwa.

Pali chimene sindinalembe ku Malomo. Usiku uja, Sadick asanatseke kabokosi, ndinawapempha azimitse matochi pang'ono. Ndinatulutsa kabokosi ka machesi. Ndolo inzake ija ndinaiika pakati pa kasupuni ndi wezulo. Sadick atayatsa anaiona, anati ndisankhe changa chotenga. Ndinati ayi, Manesi anatenga kale.

Lero Sadick wabwera ndi nsalu za Roza. Ndinamudikira pakhomo kuyambira mamawa. Akuti anakwerako Lamulungu ndi alendo awiri, anatenga wezulo. Akuti nyengo ino alendo ndi ochepa, mwina mpaka chaka chamawa. Akuti ndolo ikachoka adzandiuza.

Ikadali pomwepo. Kumapiri kuja usiku kukuzizira kwambiri mwezi uno, ndipo ndinaiika yopanda kokulunga. Ndikanang'amba kansalu.