Fayilo Yothetsa Udindo wa a Kalenga

KOMITI YOKONZANSO KAGWIRIDWE KA NTCHITO, OFESI YA ZIPHASO ZA MALONDA

Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti 2025
Malo: Chipinda cha misonkhano, m'tauni ya Lusaka
Opezeka: Mayi Virginia Lukonde (Wapampando), a Mabvuto Chiti, Mayi Cheryl Kunda, Chiza Mutale (Mlembi)
Osapezeka: A Jesse Kunda. Jekete lawo linalipo pampando, monga mwa masiku onse.

1. Wapampando anati amalonda a ku Kabwata ndi Chelstone atopa kudikira ziphaso miyezi itatu. Choncho mafayilo onse alowe m'kompyuta, ndipo udindo wa wosunga mafayilo, a Phineas Kalenga, amene agwira ntchitoyi zaka 31, uthe mu Disembala. A Chiti anamenya tebulo, nati dziko silingatukuke ndi mapepala odyedwa ndi mphemvu. Atapemphedwa kuonetsa lipoti lawo lothetsa udindowo pakompyuta, magetsi anathima.

2. Komiti inasakasaka fayilo ya lipotilo kwa theka la ola, osaipeza. Mlembi anangopeza kapu yake imene inasowa chaka chatha. Mwamanyazi, anaitanidwa a Kalenga omwewo. Pasanathe mphindi zitatu anabwera nayo, chikuto chong'ambika atachimata bwinobwino.

3. Wapampando anawafunsa ngati akudziwa zimene zili m'katimo. Iwo anati: "Niziba, ba Chair. Ndine ninafaka manamba pa mapepa. Koma peji seveni muli mistake: ninayamba nchito mu 1993, osati 1994." Mlembi akulemba poyera kuti mawuwa anamulasa mtima.

4. A Chiti, atatsokomola kawiri, anapereka ganizo loti udindowo ukhalepo mpaka mafayilo onse atalowa m'kompyuta, ndipo a Kalenga atsogolere ntchitoyo. Onse anavomera. Atafunsidwa kuti idzatha liti, a Kalenga anati: "Na kamashini kaja kamozi kokopela mapepa, ba Chiti, muzayamba ndimwe kupita pa penshoni." A Chiti anapempha kuti mawuwa asalembedwe. Alembedwa.

5. Zina ndi zina: Mayi Kunda anapempha kuti jekete la amuna awo libwezedwe kunyumba ku Libala, likachapidwe. Wapampando anakana, nati ndilo lokha limafika nthawi yake.

Msonkhano wotsatira: 11 Seputembala 2025. Unatsekedwa 12:40 masana, magetsi asanayake.

Zolembedwazi zaperekedwa kwa a Kalenga kuti asunge, tsamba 7 litakonzedwa: zaka 32.

V. Lukonde, Wapampando ____________
C. Mutale, Mlembi ____________