Ndinamasula Chingwe Chimene Munamanga

Dzivarasekwa,
Harare.
9 Julayi 2024.

Okondedwa alamu a Adelaide,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo ndi ana onse kumeneko ku Ntcheu. Kuno tilipo. Kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'maondo, komabe ndikuyenda, ndipo ntchito yaulonda pasukulu paja sindinasiye. Mwana wanu Vimbai ali bwino, akugulitsabe tomato wokapikula ku Mbare. Kalatayi ndapatsira munthu wa basi, chifukwa zimene ndikufuna kunena sindingazithe pafoni.

Mukukumbukira malo aja a kuseri kwa mashopu, amene munadutsapo popita kumanda mutatseka mphuno ndi chitenje? Anthu a dera lathu anagwirizana kuti pamenepo pakhale paki. Akufuna mabenchi, akatungwe a ana, bwalo la mpira wamanja, ndi nsanja ya simenti yochitirapo zisudzo ndi magule. Khoma la kumbuyo kwa mashopu alipereka kwa odziwa kujambula. Malowo akhonsolo anatilola, koma ndalama anati tipeze tokha. Mng'ono wanu, amake Vimbai, anali mu komiti kuyambira tsiku loyamba. Ankati adzukulu athu asakulire padzala ngati mmene anakulira ana athu.

Komiti inakonza tsiku losonkhetsa ndalama Loweruka lapitali. Nyumba iliyonse inapemphedwa kubweretsa kanthu koti kagulitsidwe, wotchula mtengo waukulu ndiye atenge. Wapampando ndi bambo wina dzina lake Trymore, wopanga masofa ku Glen View. Anabwera kunyumba masabata awiri apitawo, nakhala pakhonde chipewa chili pabondo.

"Sekuru," anatero, "malemu gogo, akazi anu aja, anatilonjeza madoilo. Chaka chonse chatha ankaluka pamisonkhano, ife tikukangana za mpanda, iwo singano ili m'manja. Kodi alipo?"

Ndinamuyankha kuti sindikudziwa. Linali bodza. Ndinkadziwa kuti madoilowo, tinsalu toluka tokongoletsera mipando tija, ali m'sutikesi yobiriwira ija, imene inu munamanga ndi chingwe tsiku lotsatira maliro, n'kunena pamaso pa anthu kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka mutabweranso mu Ogasiti kudzagawa ndi kudzandisudzula. Ndinavomera tsiku limenelo, ndipo kwa miyezi isanu sindinaiyandikire. Ngakhale posesa ndinkailambalala.

Alamu, Lachisanu m'mawa ndinamasula chingwecho. Palibe anandikakamiza, ndipo Vimbai anali atapita kale kumsika. Ndinatenga madoilo khumi ndi awiri ndi nsalu yoluka ya patebulo imodzi. Panali doilo lina losamaliza, singano ili chibayire, limenelo ndinalisiya. Zovala, nsapato ndi yunifomu ya Mvano zili mmene munaziikira. Ndinadziuza kuti zolukazo mwini wake anazipereka kale ali moyo, ndiye sizinalinso m'gulu la katundu wogawa. Maganizo amenewa anandikwanira Lachisanu. Loweruka sanandikwanire.

Tsikulo kunabwera anthu ambiri. Kunali beni ya madala a ku Mufakose, ana asukulu ndi marimba awo, ndi amayi ogulitsa mbatata yootcha. Wina anapereka nkhuku, wina mpando, wina wilibala yopanda tayala. Imeneyo Trymore anaigulitsa ponena kuti ubwino wake mbala singathawe nayo. Anthu anaseka kwambiri. Kenaka Trymore anakweza m'mwamba nsalu ya patebulo ija.

Mayi Lucinda, aja anasambitsa thupi la mng'ono wanu, anali pamzere wakutsogolo. Anaiyang'anitsitsa nsaluyo, natembenuka kundifunafuna m'gulu.

"A Eliya," anatero mokweza, "kalukidwe aka ndikukadziwa. Kodi katundu anagawidwa liti, ife osamva? Kapena a Adelaide anabwera pandege n'kubwerera tsiku lomwelo?"

Trymore sanamve kanthu, popeza Chichewa amadziwa moni wokha. Koma a kwathu onse amene analipo anamva. Ndinaimirira n'kunena kuti katundu sanagawidwe, ndinatenga ndekha.

"Ndiye mwalakwa," anatero mayiwo. "Mwalakwa ndithu, munthu wamkulu ngati inu, ndipo musadzati sindinakuuzeni."

Atatero anamasula mfundo ya chitenje chawo, namufunsa Trymore m'Chishona kuti mtengo wafika pati. Kwa amene anakhala nawo pafupi anati, "Nsalu ya mnzanga isapite kwa munthu woti ana azikapukutirapo manja." Anaigula iwowo, pamtengo woposa wa nkhuku ndi wilibala pamodzi. Madoilo nawo anatha onse. Akomiti akuti zimene zinapezeka tsikulo zikwanira simenti ya nsanja ndi mabenchi anayi. Mpanda udikira.

Vimbai sanandilankhule mpaka Lamlungu titachoka kutchalitchi. Pondipatsa tiyi anangoti, "Baba, amayi aakulu mukawauza nokha. Ine ayi."

Ndiye ndikukuuzani. Sindikufuna mudzamve kwa anthu mukamadzatsika basi ku Mbare. Ndinayesa kumanganso chingwecho monga munamangira inu, ndinayesa katatu, kenaka ndinachita manyazi ndi zimene ndinkachitazo. Ndachisiya chomasula pamwamba pa sutikesi, mudzachipeza choncho. Ngati mlanduwu ukufunika nkhuku kapena mbuzi, munene kuti ndikonzeretu. Ngati mukufuna zolukazo zibwerere, ndikudziwa nyumba iliyonse imene zalowa, ndipo ndidzayenda khomo ndi khomo. Chimene ndikupempha n'chakuti musaleke kubwera. Vimbai alibenso wina wa kuchimayi koma inu, ndipo asalangidwe chifukwa cha manja anga.

Pali chinanso. Komiti ikufuna kulemba dzina la amake Vimbai pa benchi imodzi, ya pafupi ndi nsanja. Ndawauza kuti adikire, dzinalo lili ndi eni ake. Limenelo lokha sindinapereke.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri makalata opita kwanu ankalemba ndi mng'ono wanu, ine ndinkangoti, "Undiperekere moni." Lero ndafika pamoni, ndipo ndaona kuti adzukulu anu sindikuwadziwa maina onse. Iye ankawatchula mmodzimmodzi osaphonya, ngakhale aja sanawaonepo. Mundiperekere moni kwa abambo, kwa ana, ndi kwa adzukuluwo. Maina awo muwatchule inuyo.

Ndine mlamu wanu,
Eliya.