Mabisiketi Opserera

Lolemba, 7 Julayi

Masabata awiri chimuikireni Mkulu. Kabatani, mwana wake, tsiku lachitatu ali kuno. Wadya theka la nthochi ndi tiyi wa pansi pa kapu. Basi.

Mphindi khumi zokha ndi zomwe Mkulu ananditsogolera pobadwa, koma zaka makumi atatu ndi ziwiri wakhala akundikakamiza kumutchula Mkulu. Panonso watsogola. Mwano wake womwe uja.

Azakhali ake a mwanayu anaimba dzulo. "Tikukupatsani mpaka pa 20. Akapanda kuyamba kudya ndidzamutenga, kwanga kuno kuli anzake." Alamu, bambo ake a mwanayu, ali pamsewu ndi thiraki, akuti chimene anene achemwali awo ndi chomwecho. Kwa azakhaliwo ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Akapita kumeneko ndiye kuti ndizimuona pa zithunzi.

Sindimupereka. Ndi chokhacho chimene Mkulu wasiya chopuma.

Lachiwiri, 8 Julayi

Ndabwera ndi makatoni a nsapato asanu, andipatsa a shopu yoyandikana ndi kuntchito. Ndawamata mapepala okulungira mphatso. Masokosi, zidole, maliboni, mabatani amene amatolera aja, lina la zosokonekera. Wazaka zisanu sawerenga, ndiye ndajambula zithunzi m'malo mwa mawu. Sokosi yanga yaoneka ngati nsomba.

Zitini za mkaka zitatu, zotsuka bwino, za makirayoni. Thabwa la bedi lakale, misomali inayi, pokoleka chikwama ndi thaulo. Ndalikhoma m'munsi kuti azifikira yekha.

Tsiku lonse ndimasanja mankhwala pa mashelefu, ndikafika kunyumba ndisanjenso. Sindidziwa njira ina yokondera munthu.

Waziona zonse. Sanakhudze. Ine sandiyang'ana kumaso, amayang'ana mapazi.

Lachinayi, 10 Julayi

Aneba amene amatsala naye masana akuti amangokhala ndwii pakona, mabatani m'manja. "Musadandaule, nanenso pa maliro paja nditakuonani mukutuluka m'chipinda ndinayesa ndi malemu." Akuganiza kuti akunditonthoza.

Ndiye ndi zimenezo. Ndikuyenda ndi nkhope ya munthu wakufa.

Ndamusokera chidole cha sokosi, mkati nsanza, maso mabatani awiri akuda. Wachotsa masowo n'kuika m'thumba. Kenako wakhuthula katoni yonse, mabatani balala mpaka pansi pa firiji, masokosi m'zidole, zidole m'maliboni. Ndinali nditatopa. Ndamukalipira kuti m'nyumba muno chilichonse chili ndi malo ake.

Sanalire. Watola limodzilimodzi, mwakachetechete, mpaka lomaliza. Bola akanalira.

Ndine chitsiru.

Lamlungu, 13 Julayi

Kutchalitchi ayi. Sindikufuna kuona anthu akudzidzimuka.

M'mawa madzi a malalanje m'tizikapu, tisupuni tating'ono pakati, mufiriji. Zauma bwinobwino. Wanyambita kamodzi, zasungunukira pa tebulo.

Masana mabisiketi, poti aneba akuti anamumva akuwatchula kutulo. Ufa, shuga, majarini, dzira. Kuyeza ndi kapu, kudula ndi kamwa la tambula, onse ofanana. Atuluka ofiirira bwino, oti ungagulitse. Watenga limodzi, walinunkhiza, walitembenuza kuona kunsi, walibwezera m'mbale.

"Si amenewa."

Mawu ake oyamba kwa ine chifikireni. Ndamufunsa kuti nanga ndi ati. Wabwerera ku mabatani ake.

Siketi yake ya buluu ndabweza lastiki kachiwiri. Kadzanja ngati ndodo ya tsache.

Lachitatu, 16 Julayi

Azakhali akufuna chithunzi. Ndamuveka zovala ziwiri mkati ndisanajambule. Mulungu andikhululukire. Iwo ayankha kuti, "Masaya aja apita kuti?"

Kwatsala masiku anayi.

Ndatsokomola kubafa. Chifuwa cha Mkulu chenicheni, chomwe chija cha m'chipatala. Ndafika potembenuka kuona kumbuyo. Galasi ndalifunditsa thaulo, ndikupesa mongopapasa.

Tili ana tinkasinthana madiresi kupusitsa aphunzitsi. Amayi okha ndi amene sitinkawatha. Ankati safunika kuona nkhope, amangoona kumene munthu wachokera: kukakhala kosesa ndine, kukakhala ngati kwadutsa mbuzi ndi iyeyo.

Mnzawo wa alamu watula katoni yaikulu ya katundu wa Mkulu. Ndaikankhira kuseri kwa chitseko. Ndikuiopa.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndatsegula, Kabatani ali kwa aneba.

Mkulu iwe. Masokosi asanu ndi awiri, palibe ofanana. Supuni m'kati mwa nsapato. Khadi la kusikelo la mwana lomatirira ku chivindikiro cha poto. Makiyi a nyumba imene munasamukamo kalekale. Moyo wonse ndinkakunena za uve. Lero ndakhala pansi pakati pa uvewo ndikuununkhiza.

Juzi ya Mkulu yachikasu, yopsa pa mkono wamanzere. Fungo lake likadalimo, mafuta odzola ndi anyezi.

Kuseri kwa lisiti yakale, kalembedwe kake kokhotakhota: ufa, shuga, majarini, dzira. Zofanana ndendende ndi zanga. Pansi pake, "Mphindi 15, USAIWALE," atadula mizere itatu.

Ndiye kusiyana kuli pati? Mutu waima.

Wadya lero: kabuledi kosakwana dzanja lake.

Loweruka, 19 Julayi

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndizimvetsa.

Kunazizira m'mawa. Juzi yanga sinaume, ndinangotola yachikasu ija. Tsitsi losamanga, galasi lija likadali lofunda thaulo. Ndinati ndiyesenso mabisiketi komaliza. Ndaika thireyi mu uvuni, ndakhala pansi pafupi ndi katoni, ndayamba kuwerenga timapepala take. Mndandanda wa zogula, nambala za foni zopanda maina, chithunzi cha mphaka chojambula Kabatani.

Ndadzidzimuka ndi utsi.

Onse akuda kunsi. Ndinayamba kuseka, misozi ili chuchuchu, poti ndi pomwe ndinamvetsa mizere itatu ija. Ankaiwala. Nthawi zonse ankaiwala. Ndatenga mpeni, ndaima pa sinki, ndikupala makalawo, khwee, khwee.

Phokoso la mpenilo ndi lomwe linamutulutsa. Ndatembenuka, ali pakhomo la khitchini, ndipo akundiyang'ana kumaso. Kumaso kwenikweni.

Wadya asanu. Wapempha mkaka, wamaliza kapu. Masana dzira ndi mbatata, mbale mbee. Ine ndili chiimire, kuopa kupuma.

Atakhuta wakwera pamiyendo panga, walowetsa chala pa chibowo cha mkono wa juzi, osayang'ana n'komwe, chala chikudziwa chokha pamene pali chibowo. Mutu pachifuwa.

"Amayi, mwachedwa."

Ndinati ndimuuze. Ndinatsegula pakamwa. Iye wandikokera khutu, kunong'ona ngati pali wina m'chipinda chinacho.

"Musadzandisiyenso kwa amayi aang'ono. Kuno saloleza kugwira zinthu."

Ndamusisita msana. Sindinanene kanthu. Kusanenako ndi bodza, ndikudziwa.

Madzulo wamwaza mabatani pansi ponse ndipo ndawalumpha. Mbale zili mu sinki, sindinatsuke. Manja akuchita kunyerenyetsa, ndawakhalira.

Ndakondwa. Ndikuopa. Zandiwawa kuposa tsiku la maliro, ndipo ndilibe womuuza, poti woti ndimuuze ndi amene ndavalayu.

Lamlungu, 20 Julayi

Azakhali atumiza uthenga, atsika basi, akufunsa njira.

Wadzuka ndi njala. Buledi magawo awiri, dzira, bisiketi lakuda lotsala. Akuimba kubafa, kanyimbo kopanda mutu. Masaya sanabwerere, koma aliyense angaone kuti mwana akudya.

Ndikavula juziyi asiya kudya, apita. Ndikapanda kuvula atsala, koma atsala ndi ndani? Azakhali akamumva akunditchula amayi angoti mwana wazolowera. Sangadziwe. Aneba amumva kale, akuti ndipite naye kwa anamwino oona za ana akandithandize kumuuza pang'onopang'ono. Mawa. Mwina mkuja.

Pomupukuta wandifunsa kuti amayi aang'ono apita kuti. Ndati apita kuntchito. Mawu atuluka okha, okweza, oseka kumapeto. Si anga.

Waganiza pang'ono. "Azikhala konko."

Ndati chabwino.

Akugogoda. Kabatani wathamangira kuchitseko, akukuwa kuti amayi bwerani kuli alendo. Ndikupita. Sindinavule